Jambulani tsiku lililonse, koma musationetse

Minibasi siinyamuka pa Kulima Tower isanadzaze, ndipo ife okwera tsiku ndi tsiku tinasiya kalekale kukhulupirira ngwangwazi akamakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo amatha kutha mphindi 20 asanatulukire. Anzanga a pampando nthawi imeneyo amaidyera pa foni. Ine ndimasolola kakope ndi bolopeni m'thumba la jekete, n'kuyamba kujambula chilichonse chimene chaima kunja kwa zenera.

Tsiku lina kunja kwa zeneralo kunali mayi wootcha chinangwa. Anakhala pa kampando ka thabwa, mbaula ili patsogolo, dzanja lina likutembenuza chinangwa, lina likukupiza moto ndi chibenthu cha katoni. Ndinali nditamaliza mutu, mapewa ndi mikono pamene anadzutsa maso n'kundipeza ndili dwii. Anapukuta manja pa chitenje, n'kubwera pazenera.

"Atate, mukundilemba chiyani?"

"Pepani amayi, sindikulemba ayi, ndikungojambula. Onani."

Analiyang'ana kopelo nthawi ndithu. Ine mumtima ndinali nditakonzeka kale kukalipiridwa kapena kulipitsidwa. Koma iwo anati, "Nkhopeyi kaya ndine kaya ndi wina, zilibe kanthu. Koma dzanjali mwanama. Munthu kugwira chinangwa cha pamoto ndi zala zonse zisanu chonchi, sangapse? Timatsina ndi ziwiri n'kuponya." Anandionetsa m'malere, chala chachikulu ndi cha mkombaphala, ngati akutapa mchere, zala zinazo zitathawira m'mwamba. Ndinali nditawayang'ana mphindi 10 zathunthu, koma dzanja limene linali pa pepala silinali lawo. Linali dzanja la m'mutu mwanga, lomwe ndakhala ndikulijambula chiyambire giredi 4.

Ine ndine mmodzi mwa olimbikitsa kujambula tsiku lililonse, ndipo ndachita zimenezi zaka zingapo tsopano, kwinaku ndikudumphitsa masiku monga munthu aliyense. Koma zifukwa zimene ambiri amapereka sindigwirizana nazo. Amati dzanja lizolowere, zithunzi zichuluke, anthu akudziwe. Dzanja si limene lili ndi mlandu. Dzanja lotha kulemba dzina, kusenda mbatata, kuluka tsitsi kapena kumanga zingwe za nsapato lili kale ndi luso lokwanira kukoka mzere uliwonse umene chithunzi chimafuna. Waulesi ndi diso. Limangoti kuponya kamodzi, lazindikira kuti "ili ndi dzanja", basi latseka nkhani, ndipo zotsalazo mutu umadzaza wokha ndi zimene unasunga kale. Kujambula kwa tsiku ndi tsiku ndi chikwapu cha diso. Ndipo ngati ndi choncho, kuyenera kukhala kotchipa, kochokera pa zinthu zamoyo zimene zili pamaso pako, komanso kobisika. Chachitatuchi ndi chimene chimakwiyitsa achinyamata ndikachinena.

Chinyanja chathu nachonso chimatisokoneza pang'ono. Wa kamera amajambula, woimba amakajambula nyimbo ku situdiyo, adokotala amakutumiza kukajambulitsa chifuwa, mwana wa pensulo nayenso akujambula. Mawu amodzi, ngati kuti ntchito zonsezi n'zofanana: kutenga chimene chilipo n'kuchisamutsira pena. Makina amasamutsa m'kuphethira kwa diso popanda kumvetsa kanthu. Munthu wa pensulo sangasamutse chimene sanachimvetse. Ngati sukudziwa chifukwa chake zala zitatu zathawa moto, uzijambula zitagwira chinangwa.

Bodza loyamba loti ligwe ndi la mphatso. Kusukulu ya pulayimale kwathu ku Katete, kalasi iliyonse inali ndi mwana mmodzi "wodziwa kujambula". Aphunzitsi akafuna mapu a Zambia pa bolodi, kapena mtima wa munthu pa chipepala chopachika kukhoma, ankaitana yemweyo. Chaka chonse choko chinali m'manja mwake. Enafe tinkangoti mnzathuyu Mulungu anamupatsa. Palibe anawerengapo kuti pofika giredi 7 mnyamatayo anali atajambula maola angati poyerekeza ndi ife. Ankajambula pa chikuto cha kope, pansi ndi kamtengo poweta ng'ombe, ngakhale pa ntchafu yake yotuwa ndi chikhadabo. Mphatso ilipo, sindikukana. Pali ana amene diso lawo limagwira msanga. Koma mawuwa timawagwiritsa ntchito ngati chitseko. Amatsekera kunja kalasi yonse, n'kumunamiza mmodzi wa m'katiyo kuti iye safunika kutuluka thukuta. Ndakumana nawo ambiri a mphatso aja atakula. Amajambula lero ndendende mmene ankajambulira ali ndi zaka 15, chifukwa tsiku limene anawatcha akatswiri ndi lomwe anasiya kuyang'ana.

Ngati mukukayika, pemphani munthu wamkulu aliyense wosajambula kuti akujambulireni nkhope. Maso adzawaika kumtunda, pafupi ndi tsitsi. Pamutu weniweni maso ali pakatikati, theka la mtunda wochokera pachibwano kufika paliwombo. Munthuyo waona nkhope zosawerengeka, yake yomwe amakumana nayo pa kalilole m'mawa uliwonse, koma mutu wake unasunga maso, mphuno ndi pakamwa poti n'zimene timazindikirira munthu, chipumi n'kuchitaya. Dzanja nalonso ongoyamba amalichepetsa ngati la khanda, chonsecho dzanja lotambasula limaphimba nkhope kuyambira pachibwano mpaka cha pakati pa chipumi. Ikani lanu pankhope muone. Ine zinanditengera miyezi kuti ndione chinthu chimene chinali pamaso panga masiku onse pa Cairo Road: ukaima pamalo athyathyathya, mitu ya anthu a msinkhu wako, wapafupi ndi wakutali yemwe, imakhala pa mzere umodzi, mzere wa maso ako, ndipo chimene chimakwera m'mwamba pa pepala ndi mapazi. Zoterezi munthu angakuuze m'mphindi imodzi, nuvomera, koma kukacha diso labwerera ku ulesi wake. Limafuna kukumbutsidwa ngati mwana wotumidwa kumadzi. N'chifukwa chake mphindi 10 za tsiku lililonse zimaposa maola 5 a Loweruka lokha.

Amene anandiphunzitsa zimenezi sanali wa ku koleji. Anali mdala wina wolemba zikwangwani ku Chawama, wa m'gulu lija likutha, limene linkakongoletsa makoma a mababashopu ndi mitu ya anthu ometa mosiyanasiyana ndi kulemba mawu kumbuyo kwa maminibasi, asanabwere makina osindikiza pa pulasitiki. M'mawa uliwonse, kaya ntchito ilipo kaya palibe, ankayala nyuzipepala yakale pa benchi, kuviika burashi mu penti yotsalira, n'kumakoka O, S, nambala 8 ndi mzere woongoka wotsika, mobwerezabwereza, mpaka madzi a tiyi awire. Akatero nyuzipepalayo ankaifwinya n'kuiponya pamoto.

"Madala, zaka zonsezi S simunamuzolowerebe?"

Anaseka. "Mwana wanga, S sazolowereka. Usiku dzanja limabwerera kumudzi. M'mawa uyenera kukalitenga."

Khama lawo ndinaliona, koma chimene chinandikhalira mumtima ndi moto uja. Sankasunga, sankaonetsa, sankawerenga kuti lero ndi tsiku lachingati. Mlembi wachiroma Pliny anasimba za Apelles, Mgiriki amene ankajambula Alexander Wamkulu, kuti sankalola tsiku kudutsa, ngakhale atatanganidwa chotani, asanakoke mzere. Chithunzi cha Apelles palibe n'chimodzi chomwe chimene chinafika m'nthawi yathu. Chinatipeza ndi chizolowezi chakecho, ndipo mdala wa ku Chawama, amene dzina la Apelles sanalimvepo, anali nacho.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi achinyamata aluso amene adzaza Facebook, Instagram ndi TikTok. Njira yawo ndi imodzi. Amatenga foto ya woimba, wampira kapena wandale, kuigawa m'timabokosi, pepala nalonso m'timabokosi, n'kukhala milungu itatu akukopera tsitsi limodzilimodzi ndi dontho lililonse la thukuta. Akaika pa intaneti anthu amakuwa, "Ngati foto!" Ndiye kuyamikira kwakukulu kumene tili nako, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Chovuta kwambiri pa kujambula ndi kutenga chinthu chokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, chimene chikupuma ndi kutembenuka, n'kuchigoneka pa pepala lafulati. Pa foto ntchito imeneyo kamera yagwira kale. Yasankha poima, yadula malire, yaumitsa mthunzi. Chotsalira munthu n'kukopera. Sindikunyoza ayi. Kukopera kumaphunzitsa kudekha ndi kasakanizidwe ka mithunzi, ndipo zithunzi za tsiku lobadwa, za ukwati ndi za malemu ndi zimene zimalipira lendi ya ojambula ambiri m'tauni muno. Koma mutengeni katswiri yemweyo, mukamuimike pa Soweto Market, mumuuze ajambule mayi amene akusenza dengu la tomato asanakhote pakona. Dzanja limangoti gwa. Alibe timabokosi, ndipo mayiyo sadikira.

Kuonetsa nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo ndinakodwamo ndekha. Pali mwambo wa Inktober, umene Jake Parker wa ku America anayambitsa mu 2009: zithunzi 31 za inki m'masiku 31 a Okutobala. Chaka china ndinalowa nawo, chithunzi chilichonse ndikuchiika pa foni usiku. Sabata yachiwiri isanathe ndinadzigwira ndikuchita chinyengo. Ndinkasankha zokhazo zimene ndinkadziwa kuti zituluka bwino: nkhope zoyang'ana kumbali, mitengo ya jakaranda imene imachita maluwa nyengo yomweyo, nyumba zopanda anthu. Munthu akalowa m'chithunzi, manja ndinkamupisitsa m'matumba, mapazi n'kuwabisa mu udzu. Anthu ankayamikira, ine n'kumagona wokhuta, koma mwezi wonsewo palibe chatsopano chimene ndinaphunzira. Kope loti anthu aone limadzaza ndi zimene umatha kale. Kope lophunzirira liyenera kudzaza ndi zimene sutha, ndiye kuti likhala lonyansa, la manja ngati nthochi ndi njinga zoti sizingayende. Ndani angaike zimenezo pomwe pali alamu ake, abwana ake ndi atsikana a kutchalitchi?

Ena amanditchulira Mike Winkelmann, wodziwika kuti Beeple, amene anayamba kupanga chithunzi chimodzi tsiku lililonse pa 1 Meyi 2007 n'kumachiika pa intaneti, ndipo mu Malichi 2021 zithunzi zake 5,000 zoyambirira zitalumikizidwa pamodzi zinagulidwa madola 69 miliyoni ku Christie's, kampani yogulitsa zaluso mopikisana mitengo. N'zoona, ndipo amanditsutsa pa mfundo yobisa ija. Koma taonani zoyambirira zake: zinali zosalongosoka, ndipo ankaziika choncho popanda manyazi. Ngati khungu lanu n'lokhuthala chotero, ikani, ine ndilibe mawu. Ambirife si otero. Za ndalamazo, zinabadwa ndi chipwirikiti cha nthawi imeneyo cha NFT, zikalata za pa intaneti zosonyeza mwini wa chithunzi cha pa kompyuta, msika umene unagwa chaka chotsatira. Mnyamata wa ku Matero amene akuyamba kope ndi maso pa madola amenewo alitaya asanafike tsiku la 50.

Kuwerenga masiku kumene ndi mdani wina. Munthu amafika tsiku la 47 osadumpha, kenako kwagwa maliro kumudzi, kapena malungo, kapena mwana watentha thupi usiku. Akabwerako amati ndaswa, zonse zapita, n'kusiyiratu. Kodi mlimi akalephera kupita kumunda Lachitatu amataya khasu? Ine ndimalemba deti pansi pa tsamba lililonse, osati kuti ndiwerenge masiku, koma kuti chaka chamawa ndidzaone ngati mapazi anasiya kuoneka ngati nsomba.

Dandaulo lina ndi la zipangizo, kuti n'zodula. Mapepala a utoto wamadzi, zolembera za mitundumitundu ndi matabuleti ojambulira n'zodula ndithu, zambiri zimachokera kunja. Koma izo n'za ntchito yomalizidwa. Phukusi limodzi la mapepala a A4, lija la mapepala 500, ukamajambula mbali imodzi ya pepala patsiku, mawa lake kuseri kwake, limakufikitsa pafupifupi zaka zitatu. Mapepala otayidwa m'maofesi, olembedwa mbali imodzi, ndi aulere. Pensulo si matsenga: m'kati mwake ndi mwala wofewa wakuda wotchedwa graphite wosakaniza ndi dongo, njira imene Nicolas-Jacques Conté anatulukira ku France mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiye ma H. Likachepa imafewa n'kuda, ndiye ma B. HB ya mwana wa sukulu ndi yokwanira, 2B ndiye phwando. Ine ndimakonda bolopeni chifukwa siifufutika. Chofufutira chimakuphunzitsa kukoka mzere usanayang'ane, poti ukonzanso. Bolopeni imakusiyira bodza lako poyera, ndipo mzere woona umaukoka pambali pake n'kuona kusiyana kwake. Makala a pambaula, amene kuno timati malasha, pa katoni yopanda zolemba amachita zodabwitsa pa zinthu zikuluzikulu. Ndipotu chipangizo chodula chimaopsa. Msuweni wanga anandibweretsera kope lokongola la chikuto cholimba kuchokera ku Johannesburg. Chaka chachitatu chino lili mbee m'sutukesi, ndikudikira tsiku limene ndidzakhale woliyenera, pomwe makope a sukulu asanu ndi limodzi adzaza n'kutha.

Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Madzi atatsika ku Kariba magetsi ankapita maola ochuluka, nthawi zina mpaka 21 patsiku. Anzanga ojambulira pa kompyuta ndi pa tabuleti ankayendayenda ndi machaja m'manja ngati osaka madzi. Kope silifuna batire. Madzulo ndinkajambula kapu, ketulo ndi nkhope ya mkazi wanga akusankha nyemba pa kandulo, ndipo ndinapeza kuti kandulo ndi mphunzitsi wa mthunzi woposa babu. Kuwala kwake kumachokera mbali imodzi yokha, kotero umaona bwinobwino pamene tsaya lathera ndi pamene mdima wayambira.

Kujambula mobisa si chinthu chachilendo kwa ife. M'mapanga a kum'mawa, ku Thandwe ndi ku Mkoma, ndi kutsidya ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene malo 127 anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2006, muli zojambula zofiira zakale kwambiri za Akafula ndi zoyera za Achewa, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Zoyerazo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Sanazijambule pabwalo kuti mudzi uwombe m'manja. Anazijambula kuseri, kuti ziphunzitse amene anayenera kuphunzira. Makolo amenewo analibe shopu yogulako zipangizo, komanso sankasowa tulo kudikira oyamikira.

Tsopano zonditsutsa zenizeni, chifukwa zilipo. Choyamba ndi nthawi. Mlongo wanga amadzuka kusanache, kutunga madzi, kusambitsa ana, kukaoda ndiwo, kukhala pa tebulo la malonda mpaka mdima, kubwera kudzaphika. Ali mwana ankajambula kuposa ine. Kumuuza lero kuti apeze mphindi 10 patsiku ndi mwano. Kwa ambirife yankho n'lakuti Lusaka imatibera nthawi podikira: mu minibasi, pamzere wa kuchipatala, pa mdipiti wa magalimoto pa Great East Road, ndipo nthawi yobedwayo ndiyo tingailande. Koma tisanamizane kuti imagawidwa mofanana. Mwamuna akakhala phee ndi pensulo amati akuganiza. Mkazi akatero amafunsidwa ngati mbale zatsukidwa. Atsikana ojambula amachuluka ku pulayimale, kenako amazimiririka mmodzimmodzi, ndipo si mphatso imene imawathawa. Izi zikuchitika m'dziko limene mbendera yake inajambulidwa ndi mayi, Gabriel Ellison, yemwenso kwa zaka zambiri ankajambula masitampa a positi a dziko lino. Ngati m'nyumba mwanu muli mtsikana wa kope, mphindi 10 zimenezo wina amutsukire mbale.

Chachiwiri n'chakuti kubwereza pakokha sikuwongola munthu. Ukamadutsa njira yolakwika tsiku lililonse umangoikuza kukhala mseu. Dzanja lija la giredi 4 ndinalibwereza zaka zambiri mokhulupirika, ndipo likanapitirira akanapanda mayi wa chinangwa. Choncho ndikamati musationetse, sindikuti musaonetse aliyense. Onetsani munthu amene angakuuzeni zoona popanda kukusekani pagulu, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi mwini ntchito imene mwajambula. Telala adzakuuzani kuti phazi silikhala choncho pa makina. Makanika adzaseka sipanala yanu. Kenako pitani kumene kuli maso ozolowera: ku nyumba ya zojambula ya Henry Tayali ku Showgrounds, ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, ku zosonkhanitsa za Lechwe Trust, bungwe limene Cynthia Zukas ndi anzake anayambitsa mu 1986, kapena kwa ophunzira zaluso a ku Evelyn Hone College. Pitani ndi kope, osati ndi foni. Tayali mwiniwake, wobadwira ku Serenje mu 1943, anaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, ndipo ambiri amamudziwa ndi chiboliboli cha womaliza maphunziro chimene chaima pa yunivesite ya UNZA. Koma imani patsogolo pa zithunzi zake zosema pa thabwa n'kudinda pa pepala, za anthu wamba ali piringupiringu. Mizere ndi yochepa, yokhakhala, palibe tsitsi lowerengedwa, koma aliyense m'gulumo waima mmene munthu amaimira, kulemera kwa thupi kuli pa mwendo woyenera. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 43 zokha. Ukayesa kukopera gulu limodzi lotero m'kope mwako ndi pamene umadziwa kuchuluka kwa anthu amene munthuyu anawayang'ana.

Chachitatu ndi anthu ojambulidwawo. Mu Lusaka munthu wokuyang'anitsitsa uku akulemba m'buku si wabwino. Wogulitsa m'mbali mwa msewu amaganiza kuti watumidwa kudzalemba maina a oti athamangitsidwe. Wina amaganiza zamatsenga, kuti chithunzi chake chikakathera kwa sing'anga. Mantha amenewa si oseka, ali ndi pochokera. Ndinaphunzira kugwira kope motsegula, kulionetsa ndisanafunsidwe, kupereka moni, kugulako kanthu. Munthu akakana ndimatseka pomwepo. Ana a eni sindiwajambula makolo awo palibe, ndipo pafupi ndi malo a asilikali kapena a chitetezo kope limakhala m'thumba. Masiku amene mtima ulibe mphamvu yokambirana ndi anthu ndimajambula misana, nsapato za wokhala patsogolo panga, kapena dzanja langa lamanzere, limene silinakanepo. Koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Wongojambula makapu a m'nyumba mwake adzakhala katswiri wa makapu.

Nanga ndalama? Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo masiku ano limabwera ndi mchira: bwanji kuvutika pomwe makina a AI amatulutsa chithunzi m'masekondi? Sindilonjeza kanthu. Ntchito zina za ojambula zidzatha, monga zinathera za mdala wa ku Chawama. Chimene ndaona ine n'chaching'ono. Ndinapatsidwa kaganyu kojambula kabuku ka ana kophunzitsa kusamba m'manja, eni ake atayesa kaye makina n'kukhumudwa. Zithunzi za makinazo zinali zosalala, zowala, koma mayi wobereka mwana anali ndi nsalu yopanda mfundo, yongomatirira pathupi, ndipo m'malo mwa mbaula munali chinthu chonga cha kootchera nyama kwa azungu. Ine sindinafufuze kulikonse. Ndinatsegula makope akale n'kupeza mfundo za chitenje za pachifuwa ndi za paphewa, mapazi a khanda akusuzumira m'mbali mwa chiuno, chigubu cha madzi chodulidwa pakamwa, mpopi wa pakomboni ndi mzere wake wa zidebe. Makope aja ndi nkhokwe. Zimene zili m'menemo palibe anaziika pa intaneti mokwanira kuti makina aziphunzire bwino, ndipo zina zikutha tikuona.

Hokusai wa ku Japan, wa chithunzi chotchuka chija cha funde lalikulu, anabadwa mu 1760 n'kumwalira mu 1849. Kuyambira mu 1842, ali ndi zaka zoposa 80, dzina lake litamveka kale, m'mawa uliwonse ankajambula mkango wa m'nthano za ku China, osati wogulitsa, koma ngati chotchinga tsoka la tsikulo. Mikango yoposa 200 yoteroyo ilipobe. Wina anganene kuti nayu munthu wojambula za m'mutu, osati zamoyo monga ndikulimbikira ine. Inde, koma m'mutu mwa nkhalamba imene yatha zaka 70 ikuyang'ana amphaka, asodzi ndi onyamula katundu muli zambiri kuposa m'mutu mwa ine ndi inu.

Mkango wanga ndi wilibala. Anyamata a Zamcab amene amakankha matumba a chimanga ndi makabichi pakati pa City Market ndi Soweto ndawajambula miyezi ingapo, ndipo nthawi zonse chinachake chinkalakwika. Wilibala inkaoneka yopepuka ngati ilibe kanthu, ngakhale ndiunjikepo matumba mpaka kumwamba kwa tsamba. Ndinkaganiza kuti vuto ndi tayala, ndiye sabata yonse ndinajambula matayala okhaokha. Dzulo minibasi itaima pa mdipiti, mmodzi anadutsa pafupi kwambiri moti ndinamva kupuma kwake. Mikono yake sinali kukankha. Inangolendewera chowongoka ngati zingwe, mapewa atatsikira pansi, khosi litatuluka kutsogolo, mphamvu yonse ikuchokera m'chiuno ndi ku zala za kumapazi. Nditafika kunyumba ndinatsegula makope onse. Wokankha aliyense amene ndinamujambulapo ali ndi zigongono zopindika, ngati akuyendetsa njinga.